Musanatseke nyumba za ana, tiuzeni kumudzi kwawo nkuti

Mkangano walowa m'mipingo yathu muno mu Harare, ndipo sukuoneka kuti uzirala msanga. Ukatuluka m'tchalitchi Lamulungu ku Mufakose, ku Highfield kapena ku Mabvuku, umapeza anthu ataima m'timagulu akukokanakokana ngati nkoyenera kupitiriza kutumiza chopereka, matumba a ufa ndi zovala ku nyumba zachikhristu zolerera ana. Achinyamata athu ophunzira, ena mwa iwo ogwira ntchito m'mabungwe oona za ana, akuti nyengo ya nyumba zoterezi inapita. Iwo akuti mwana amafunika banja, osati mpanda ndi belu, choncho ndalamazo zipite kwa achibale kuti anawo abwerere kwawo. Amayi a Chigwirizano ambiri sakugwirizana nazo, koma ukawafunsa chifukwa amangoti "nanga anawo?" basi, nkumaoneka ngati agonja pamaso pa anthu odziwa kulankhula. Ine ndili mbali ya amayiwa. Ndikuti nyumbazi zisatsekedwe ndipo chopereka chisaime, chifukwa ganizo lonse lobwezera ana kwa achibale latsamira pa chinthu chimene ambiri a ife zidzukulu za matchona tilibe, ndicho mudzi wokhala ndi malume ndi agogo kumene mwana wamasiye angatumizidwe nkukalandiridwa.

Ndiyambe ndi mfundo yawo yolemera kwambiri, chifukwa kuizemba kungakhale chinyengo. Ulamuliro wa Nicolae Ceaușescu utagwa ku Romania mu 1989, dziko lonse linaona zimene zinali m'nyumba za boma zosungira ana: makanda ochuluka atagonekedwa m'timabedi tazitsulo, opanda wowanyamula, ena atasiya ngakhale kulira poti kulirako sikunkabweretsa munthu. Kafukufuku amene anayamba ku Bucharest mu 2000 anatsatira ena mwa ana a m'nyumba zotere, ndipo anapeza kuti amene anachotsedwamo nkupatsidwa mabanja, makamaka asanakwanitse zaka ziwiri, anakula bwino m'nzeru ndi m'kakhalidwe kuposa amene anatsalamo. Mu 2009 United Nations inalandira malangizo onena kuti ana aang'ono, makamaka osakwana zaka zitatu, azileredwa m'mabanja, ndi kuti nyumba zikuluzikulu zosungira ana zithe pang'onopang'ono. Dziko la Rwanda linayamba kutseka nyumba zake mu 2012. Ngakhale kuno, ndondomeko ya boma ya 1999 yosamalira ana amasiye inandandalika malo 6 amene mwana angakhale: banja lake, achibale, anthu a m'dera lake, banja lomulera movomerezedwa ndi khoti, banja lomutenga kukhala mwana wawo mpaka kalekale, ndipo kumapeto kwenikweni nyumba yolerera ana. Tsono achinyamata athu akamati nyumbazi ndi zosafunika, sakungolota ayi, ali ndi poimira.

Pa nkhani ya makanda ndikuvomereza popanda kuwiringula. M'mera mpoyamba, ndipo khanda limafunika msana umodzi woliberekera, osati manja osinthasintha malinga ndi nthawi yolowa ndi yoweruka ntchito. Koma kuchoka pamenepa nkufika ponena kuti nyumba iliyonse yolerera ana ndi Romania, ndi kulumpha kwakukulu. Malamulo amene boma la Zimbabwe linakhazikitsa mu 2010 oyendetsera nyumbazi amafuna kuti ana azikhala m'timagulu tating'ono tonga banja, ali ndi mayi wawo wowalera, m'malo mwa zipinda zazitali zogona ana makumimakumi, ndipo nyumba zambiri za mipingo zakhala zikusintha kutsata zimenezi. Kuwonjezera apo, kafukufuku sanalankhule ndi pakamwa pamodzi. Mu 2009 Kathryn Whetten wa ku Duke University ndi anzake anayerekeza ana a zaka 6 mpaka 12 okhala m'nyumba zolerera ana ndi ana amasiye okhala kwa achibale ndi anthu ena m'maiko a Cambodia, Ethiopia, India, Kenya ndi Tanzania. Anapeza kuti a m'nyumbazo sanali otsalira pa thanzi, pa nzeru ngakhale pa mtendere wa mumtima. Chimene chimasiyanitsa ana si dzina la malo, koma amene akuwalera ndi mmene akuwalerera. Ndipo ndondomeko ya 1999 ija ikamaika nyumbazi kumapeto, sikuti ikuzifafaniza. Ikuvomereza kuti alipo ana amene malo asanu oyambawo awakanika.

Anthu ambiri amene akutsutsana pa nkhaniyi sanakhalepo m'nyumba yotereyi kupitirira ola la mapemphero ndi kujambulitsa zithunzi, choncho ndifotokoze mmene tsiku limayendera pa nyumba ina imene mpingo wathu umayendera. Kusanache bwino, mayi wa nyumba amakhala atadzuka kale, ndipo ngati magetsi azima, monga amazimira nthawi zambiri, phala limaphikidwa pamoto panja. Ana amadzuka, kuyala mabedi, kusesa, kusamba ndi madzi a pamjigo amene akuluakulu anatunga madzulo. Amaimba nyimbo imodzi, wina amawerenga mavesi awiri atatu, nkupemphera. Kenako kumakhala chipwirikiti chimene kholo lililonse likuchidziwa: sokosi imodzi yasowa, wina sanamalize homuweki, wina wabisa kalata yochokera kwa aphunzitsi. Akaweruka kusukulu pali ntchito za pakhomo, kuthirira ndiwo kudimba, kupatsa nkhuku chakudya, kuchapa yunifolomu. Chamadzulo ndi nsima, imene anawo amaitcha sadza, ndi nyemba, matemba kapena nyama ya soya, ndipo nkhuku imaoneka Lamulungu kapena kukabwera alendo. Usiku wa Fomu 4 amathandiza wa Giredi 3 masamu, amakangana pa za mpira, wina amalangidwa chifukwa chobwera mochedwa. Palibe chodabwitsa chilichonse pa moyo umenewu, ndipo mtengo wake uli pomwepo. Mwana amene wachokera kogona ndi njala, kapena komenyedwa usiku uliwonse, chimene chimayamba kumuchiritsa ndi kudziwa kuti mawa lidzafanana ndi lero, kuti phala lidzakhalapo ndipo munthu amene anamugoneka ndi yemwe adzamudzutsa.

Sindikuti ndi paradizo. Mayi mmodzi kulera ana khumi osakhala a mimba imodzi, aliyense ali ndi bala lake, ndi ntchito yotopetsa, ndipo malipiro ake ndi ochepa. Mayiyo akasiya ntchito, anawo amakhala ngati aferedwanso kachiwiri. Koma funso loyenera si lakuti nyumbayi ikufanana ndi banja labwino kapena ayi. Funso ndi lakuti mwana uyu, lero lino, akachoka pano akupita kuti.

Apa ndi pamene pakubwera mfundo yachiwiri, imene imandikhudza kwambiri chifukwa imanenedwa m'dzina la chikhalidwe chathu. Otsutsa amati kwathu kunalibe nyumba za ana amasiye, ndi zobwera ndi azungu. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mayi akamwalira mwini mbumba amasonkhanitsa abale pamaliro pomwepo nkugawa ana, uyu kwa azakhali, uyu kwa agogo, popanda mwana wogona panja. Zimenezi ndi zoona, ndipo ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mchinji zikuchitikabe ngakhale umphawi wazifooketsa. Koma dongosolo limenelo limayenda chifukwa pali mudzi, pali munda wa banja, pali malume amene mfumu ingamuitane nkumufunsa za ana a mlongo wake. Tidzifunse moona mtima kuti ndi angati mwa ife muno mu Harare amene ali nazo zimenezi. Agogo athu anabwera ku Halale wapansi, ena pa malole a boma osalipiritsa otchedwa Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu. M'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, njirayi inali yotseguka ndipo anabwera ochuluka. Ambiri anabwera okha, anasiya alongo awo kumudzi, anakwatira kuno, ndipo makalata atasiya kuyenda ubale unaduka. Mdzukulu wawo lero amadziwa kuti "kwathu ndi ku Malawi", mwina amadziwa boma, koma dzina la mfumu ndi la mudzi linapita ndi agogo kumanda. Mudzi wake weniweni unali komboni ya pafamu kapena ya pamgodi.

Ndiye komboniyo nayonso inatha. Kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000 kunachotsa antchito ambirimbiri pa ntchito ndi pokhala pomwe, ndipo ochuluka mwa iwo anali a makolo ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Anzawo achishona anali ndi kumusha, kutanthauza kumudzi kwawo, kothawirako. Athu analibe, ndipo anakathera ku Epworth, ku Hatcliffe, ku Lydiate kufupi ndi Norton ndi m'malo ena a zisakasa. Mu 2005 kunabwera Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa zisakasa ndi misika ya m'misewu, imene nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inati inasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda nyumba kapena popezera chakudya, ndipo boma linkauza anthu kuti abwerere kumidzi kwawo. Tikukumbuka tonse funso limene makolo athu ankafunsa nthawi imeneyo, loti kumudzi kwake nkuti. Pamwamba pa zonsezi Edzi inali itatenga kale m'badwo wapakati, womwe ukanakhala azakhali ndi amalume a ana a lero. Chotero munthu akaimirira mu mpingo nkunena kuti ana abwerere kwa achibale, ndimafuna atchule kuti achibale ake ati. Nthawi zambiri wachibale amene alipo ndi agogo aakazi okalamba, ochita lendi kachipinda kamodzi ku Hopley, amene akulera kale zidzukulu zina zinayi ndi ndalama ya tomato.

Palinso mpata wina umene ana athu amagweramo, umene olemba ndondomeko za ku Geneva ndi New York sangauganizire. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, mbumba ya malume ake. Kwa Ashona mwana ndi wa kuchimuna, amatenga mutupo, chimene ife timati chiwongo, wa bambo ake. Tsono taganizirani mwana wa bambo wachichewa ndi mayi wachishona, ukwati umene uli ponseponse pakati pathu. Makolo onse akamwalira, akuchikazi amati mwanayu ndi wa kwa Phiri, apite kwa abale a bambo ake. Abale a bambo, ngati alipo, mumtima mwawo amadziwa kuti kwathu ana amatsata mayi. Mbali iliyonse ikutsata mwambo wake mokhulupirika, palibe amene akudziona kuti walakwa, koma mwanayo watsala pakati. Ndaona ana otere akuyendetsedwa nyumba ndi nyumba, miyezi itatu uku, miyezi iwiri uko, sukulu ikuduka nthawi iliyonse. Pamapepala mwana ameneyu ali "kwa achibale", ndipo amene amawerengera ana ochoka m'nyumba zolerera angamuike m'gulu la opulumuka. Mtsikana wa zaka 12 amene wasanduka wantchito wosalipidwa kwa azakhali a kutali, kudzuka usiku kukapima katundu ku Mbare Musika pamene ana a mwini nyumba akupita kusukulu, nayenso ali kwa achibale.

Otsutsa akhoza kuyankha kuti ngati achibale palibe, pali mabanja ena amene angalere mwana movomerezedwa ndi khoti, ndipo ku Rwanda njira imeneyi inathandiza. Ndikanakonda zikanatero kuno. Koma aliyense wodziwa dziko lino akudziwa kuti mabanja ambiri amaopa kutenga mwana amene magazi ake sakuwadziwa. Pali chikhulupiriro cha mzimu wobwezera umene Ashona amautcha ngozi, choti mwana wa mtundu wina akazunzika kapena kufera pakhomo pako, mzimu wake ungavutitse banja lonse, ndipo sudziwa kokapepesa. Sindikunyoza chikhulupirirochi, pakuti nafenso tili ndi zathu zimene timaopa. Ndikungonena kuti chimachepetsa makomo otseguka, ndipo mwana amene amavutika nacho kwambiri ndi uja amene anthu amamuona ngati mlendo. Si kale kwambiri pamene Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mutupo, ngati kuti Phiri, Banda, Mwale ndi Mbewe si ziwongo. Mawu amenewo sanafe ndi mwini wake. Ndipo tisaloze anzathu okha chala: ndi mabanja angati mu mpingo wathu amene anapitapo ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kukalembetsa kuti akufuna kulera mwana wosakhala wawo? Amene akufuula kwambiri kuti nyumba zitsekedwe, sindinawaone pamzere umenewo. Nyumba za mipingo, monga Matthew Rusike Children's Home ya a Methodist ku Epworth kapena Emerald Hill ya masisitere a Dominican, zinayamba chifukwa panali ana amene panalibe khomo lina lowalandira, ndipo ana otere sanathe.

Mfundo yachitatu ndi ya ndalama, ndipo ili ndi nzeru. Kusunga mwana mmodzi m'nyumba yolerera kumadya ndalama zambiri kuposa kuthandiza banja kuti limusunge lokha, chifukwa pali malipiro a antchito, magetsi, galimoto ndi kukonza nyumba. Bungwe la Save the Children linanena mu 2009 kuti pa ana asanu alionse okhala m'nyumba zotere padziko lapansi, anayi ali ndi kholo limodzi kapena onse amoyo, kutanthauza kuti chimene chawabweretsa ambiri ndi umphawi, osati imfa. Ngati mayi wapereka mwana wake chifukwa chosowa fizi ndi ufa basi, yankho lake ndi fizi ndi ufa, osati kumulanda mwana. Apa ndikugwirizana nawo kotheratu, ndipo nyumba iliyonse imene imasonkhanitsa ana a anthu osauka pofuna kukopa opereka thandizo ikuchita tchimo. Komabe pali zinthu ziwiri zimene chiwerengerochi sichinena. Choyamba, kholo lamoyo silitanthauza kholo lotha kulera. Pansi pa lamulo la ana la dziko lino, mwana amayenera kulowa m'nyumba yotere kudzera kwa wogwira ntchito za chisamaliro cha anthu ndi khoti la ana, ndipo ena amalowa chifukwa kholo lamoyolo ndi limene linawagwirira, kapena lili kundende, kapena likudwala misala, kapena linawoloka Limpopo osatumizanso mawu. Chachiwiri, ndalama imene yachotsedwa ku nyumba ya ana siyenda yokha kupita kwa agogo a ku Hopley. Pafunika wina woti awapeze agogowo, awayendere mwezi ndi mwezi, aone ngati ndalamayo ikufika pa mwana. Ogwira ntchito za chisamaliro cha anthu m'boma ndi ochepa, ndipo ambiri odziwa ntchito anapita ku Britain. Thandizo la boma la fizi lotchedwa BEAM lilipo kuyambira 2001, koma kuchedwa kwa ndalama zake ndi nyimbo imene akuluakulu a masukulu amaimba chaka ndi chaka. Munthu sagwetsa nyumba yakale yatsopano isanafoleredwe, makamaka mitambo itayamba kuda. Ngati mpingo ukufuna kuthandiza mabanja, uyambe thumba lachiwiri, ndipo ndidzakhala woyamba kuponyamo. Usatenge m'mbale ya mwana amene alibe kwina.

Mfundo yachinayi imanenedwa monong'ona, koma ndiyo imene nyumbazi ziyenera kuimva bwino. Akuti kuseri kwa mpanda kumabisala nkhanza, ndipo mwana wa m'nyumba yachikhristu alibe ufulu wosankha chipembedzo. Zoti nkhanza zachitikapo m'nyumba za mipingo m'maiko ambiri ndi zosatsutsika, ndipo Baibulo la pakhomo silinatetezepo mwana kwa munthu woipa. Mankhwala ake ndi maso ambiri: boma liziyendera mosadziwitsa, ana aziphunzira limodzi ndi ana a m'dera, akhale ndi munthu wakunja amene angamuuze zakukhosi. Nkhanza zomwezo zimachitikanso m'mabanja, kumene kulibe woyendera ngakhale mmodzi. Za chipembedzo nazo ndi zoona ndithu kwa ife, pakuti pakati pathu pali Ayao achisilamu ndi mabanja a gule wamkulu, ndipo mwana wawo akalowa m'nyumba ya mpingo sayenera kuuzidwa kuti makolo ake anali anthu a mdima, kapena kusinthidwa dzina. Pemphero la m'mawa silipweteka mwana, koma kumuchititsa manyazi ndi kumene anachokera kumamupweteka. Chimodzimodzinso chilankhulo. Mwana amalowa akulankhula Chichewa, pakatha zaka zitatu amayankha m'Chishona ndi Chingerezi chokha, ndipo agogo ake akabwera kudzamuona amasowa chokambirana. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka ndipo Chichewa ndicho choyamba pamndandandawo, koma pepala silingalankhule ndi mwana. Vuto limeneli ndi lathu kuposa la nyumbazo. Sinodi ya Harare ya CCAP ilipo kuyambira 1965, mipingo yopemphera m'Chichewa ili m'makomboni ambiri, nanga nchiyani chimatiletsa kutenga anawa pa tchuthi, kuwaphunzitsa nyimbo zathu, kuwauza chiwongo chawo? Timapita pa Khirisimasi ndi mabisiketi, kuwaimitsa pamzere kuti atiimbire, kujambula zithunzi zoika pa Facebook, nkusowa chaka chathunthu. Khalidwe limenelo ndilo liyenera kutsekedwa.

Chimene otsutsa satchula kawirikawiri, koma ndicho chilema chachikulu cha nyumbazi, ndi tsiku limene mwana wakwanitsa zaka 18. Lamulo limamuona ngati wamkulu ndipo amayenera kutuluka. Mnyamata amene moyo wake wonse wadya pa belu amapezeka ali yekha mu Harare, mzinda umene ngakhale wa digiri akugulitsa ma airtime pamsewu, osadziwa kukambirana lendi ndi mwini nyumba, wopanda malume womulankhulira pa ukwati. Izi zikutanthauza kuti ntchito ya nyumbazi ndi yosamalizika, osati yosafunika, ndipo gawo lotsalalo ndi lotheka kwa ife. Anthu athu akhala atelala, akalipentala, ophika ndi amakaniko mumzinda uno kwa mibadwo itatu. Ku Siyaso ndi ku Glen View kuli amisiri a mu mpingo mwathu amene angatenge mnyamata wa Fomu 3 pa tchuthi chilichonse, kuti pofika zaka 18 akhale ali ndi luso m'manja ndi munthu womutcha mphwake. Zimenezi sizifuna thandizo la kunja kwa dziko.

Pomaliza pali nkhani ya mapepala, imene kwa ana athu ndi yoopsa kuposa njala. Lamulo limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42 chibadwire, ndipo gawo 81 la malamulo aakulu limapatsa mwana aliyense ufulu wa dzina, ndi mwana aliyense wobadwira kuno ufulu wolandira chikalata cha kubadwa mwamsanga. Koma kuti mwana alembetsedwe pamafunika zitupa za makolo, ndipo apa ndi pamene mbiri yathu imatitsata. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya anthu ambiri obadwira kuno opanda unzika chifukwa makolo awo anabadwira kunja, ndipo ngakhale gawo 43 la malamulo a 2013 linabwezera unzika kwa obadwira kuno a makolo ochokera m'maiko a SADC, ambiri anamwalira asanasinthe zitupa zawo zolembedwa kuti ndi alendo, ena analibe chitupa nkomwe. Agogo opanda chitupa anabala mayi wopanda chikalata, amene wasiya mwana wopanda chikalata. Mwana ameneyu amavutika polembetsa mayeso a boma a ZIMSEC, amabwezedwa pa mipikisano ya masewera a sukulu, ndipo akakula sangatenge chitupa, laisensi kapena pasipoti, sangalembetse ngakhale nambala ya foni m'dzina lake. Agogo a ku Hopley alibe ndalama ya kombi yopitira ku ofesi ya kalembera kangapo konse, ndipo akafunsidwa mapepala amene alibe amabwerera osapitanso. Mwana amene ali m'nyumba yovomerezeka ali ndi fayilo kukhoti ndi wogwira ntchito za chisamaliro amene angalembe lipoti lomuthandiza kulembetsedwa, ndipo uwu ndi mwayi umene mnzake wa kwa achibale nthawi zambiri alibe.

Nchifukwa chake pempho langa kwa abusa ndi akuluampingo, nkhaniyi ikafika pa bwalo lawo, ndi lakuti chopereka chipitirire, koma chipite ndi anthu. Mpingo uliwonse usankhe awiri atatu oti akakhale pansi ndi oyang'anira nyumba imene timathandiza, afunse kuti ndi ana angati a makolo ochokera kwathu amene alibe chikalata cha kubadwa, ndipo makolo awo ankakhala pa famu iti kapena komboni iti. Ku ofesi ya kalembera amafuna mboni zodziwa makolo a mwana, ndipo mboni zimenezo zili m'mabenchi athu Lamulungu lililonse: madala ndi amayi okalamba amene anagwira ntchito limodzi ndi makolowo ku Mazowe, ku Banket kapena ku Trelawney, amene anapita ku maliro awo ndipo akukumbuka kuti mayi wa mwanayu anali mwana wa yani. Ambiri a iwo apitirira zaka 70. Kaundula ameneyu alembedwe chaka chino, ndipo ndalama ya kombi yowanyamulira ichokere m'thumba la mpingo.